Mwana akulowa kalasi ya Ulimbitso? Yambirani pa kadi ya ubatizo, telala ayambe wadikira

Makolo anzanga, temu yoyamba ikangotsegulira funso limakhala lomwelomwelo, wina andiimitsa pa geti ya sukulu, wina potuluka Misa yachiwiri, wina foni usiku magetsi atapita, "mwana wanga anzake akulowa kalasi ya Ulimbitso, ine ndiyambire pati?" Ndayankha mpaka kukamwa kuuma, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira. Ine si wansembe ayi, ndimangothandiza akatekisiti Loweruka m'mawa komanso ndili mu komiti ya makolo pa sukulu ya ana anga, choncho pomwe parishi yanu yanena zosiyana ndi zanga mverani bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishi yanu, osapita kukakangana ku ofesi kuti ine ndinawerenga pa foni.

Tisanayambe manambala pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza ambiri. Sukulu sipereka sakramenti. Kuno ku Lusaka, kaya mwana ali pa Roma Girls kwa masisitere, kaya pa Matero Boys, kaya pa sukulu ya boma ya mu komboni, Ulimbitso umadutsa ku parishi ndipo dzina lake limakalembedwa m'buku la parishi. Sukulu ya Katolika imathandiza zedi, pali Misa ya ana asukulu, pali kwaya, pali YCS, gulu lija la ana asukulu achikhristu, pena katekisimu amaphunzirira m'kalasi momwemo ataweruka, koma zonsezo zimachitika bambo mfumu akudziwa ndipo mapepala amathera kwa iwo. Komanso RE ija ili pa thaimutebulo si katekisimu. RE ndi phunziro la za zipembedzo la pa mayeso a ECZ, bungwe la mayeso kuno ku Zambia, muli za Baibulo inde koma mulinso za Chisilamu, Chihindu ndi chipembedzo cha makolo athu, mwana atha kukhoza bwinobwino RE koma osadziwa kuti akagwada kwa wansembe polapa amayamba ndi mawu oti chiyani.

1. Khalani pansi ndi mwanayo kaye

Ulimbitso, ana athu a mu tauni amangoti Confirmation, ndi limodzi mwa masakramenti atatu olowera m'moyo wa chikhristu, pamodzi ndi Ubatizo ndi Ukaristia. Muwerengereni Ntchito za Atumwi 8:14-17, paja Petro ndi Yohane anapita ku Samariya kukasanjika manja pa anthu omwe anali atabatizidwa kale kuti alandire Mzimu Woyera. Umalandiridwa kamodzi basi moyo wonse, palibe zobwereza.

Malamulo a Mpingo, aja anatuluka mu 1983 nthawi ya Papa John Paul II, amafuna kuti wolandira akhale wobatizidwa, waphunzitsidwa mokwanira, mtima wake ukufuna, ndipo angathe kubwereza yekha malonjezo a ubatizo. Malonjezo aja munamuyankhira inu ndi amboni ali khanda akulira madzi atamuzizira pamutu, pano akuyankha yekha ndi pakamwa pake. Ndiye akati sindikufuna chaka chino musamukoke khutu. Mufunseni chifukwa, nthawi zambiri si nkhani ya chikhulupiriro nkomwe, mwina akuopa kufunsidwa mafunso pagulu, mwina Loweruka ali ndi mpira, mwina anzake a mipingo ina amuseka. Izi zimakonzeka. Koma wokakamizidwa timamudziwa, amakhala kumbuyo kwenikweni dzanja lili pa foni m'thumba, ndipo akangolandira simudzamuonanso mpaka tsiku lofuna ukwati.

Za msinkhu, lamulo limati ndi pomwe mwana wayamba kuzindikira chabwino ndi choipa pokhapokha ngati maepiskopi aika msinkhu wina, ndipo kuno mudzaona kuti ambiri amakhala okulirapo, a kumapeto kwa pulayimale mpaka a ku sekondale, atalandira kale Ukaristia woyamba. Giredi yomwe parishi yanu imayambira akakuuzani ku ofesi.

2. Kadi ya ubatizo

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa anthu onse amakamba za malaya oyera ndi keke koma chomwe chimagwetsa ana pa mndandanda sabata yomaliza ndi kakadi aka. Popanda umboni woti mwana anabatizidwa salandira Ulimbitso, ngakhale atakhala kuti sanajombepo kalasi ndipo mayankho onse ali m'mutu.

Lero lomwe, musanamalize nkomwe kuwerenga izi, tsegulani sutikesi ija mumasungamo mapepala. Mukaipeza kadiyo onani zinthu izi: dzina la parishi, tsiku la ubatizo, nambala ya m'buku, siginecha ya wansembe ndi chidindo. Onaninso ngati Ukaristia woyamba unalembedwapo, chifukwa ana ambiri analandira koma kadi inatsalira m'chikwama cha amayi tsikulo osasainidwa. Ijambuleni pa foni mbali zonse ziwiri, pangitsani fotokope, ndipo yeniyeniyo musaipachike pulasitiki yowotcha ija timachitira ma setifiketi a sukulu, chifukwa pakufunika kudzalembedwanso ndi kudindidwa.

Nanga ikasowa? Ambiri a ife pano tinachoka kum'mawa, mwana anabadwira ku Katete, Petauke, Chadiza kapena Lundazi, ena mpaka ku Mchinji kapena Dedza tsidya lija, anabatizidwa kwa agogo ali ndi miyezi ingapo kenako nkubwera naye mu Lusaka, tasamuka nyumba za lendi kangapo, Chawama, Kanyama, Mtendere, kwina madzi a mvula analowa m'nyumba mapepala nkunyowa. Musataye mtima, kadi ndi kope chabe, umboni weniweni uli m'kaundula wa ubatizo, buku lalikulu lomwe limasungidwa ku parishi komwe mwambowo unachitikira. Ntchito yanu ndi kupeza bukulo. Ndipo parishi yanu ya mu Lusaka singakulembereni kadi yatsopano ya ubatizo womwe unachitikira kwina, anthu amakwiya nazo izi koma sangasaine chinthu chomwe sichili m'buku lawo.

Msampha woyamba ndi uwu. Tchalitchi cha m'mudzi mwanu, chija timati senta, sichisunga kaundula. Wansembe ankabwera pa njinga yamoto kuchokera ku mishoni, kubatiza ana ambirimbiri tsiku limodzi, mayina nkukawalemba ku mishoni. Ndiye funso loyenera kufunsa agogo si loti "anabatizidwira kuti" ayi, koma "wansembe amene anabatiza ankachokera kuti chaka chimenecho". Maparishi akhala akugawidwa, senta yomwe kale inali pansi pa mishoni yakale ngati Minga kapena Chassa lero itha kukhala pansi pa parishi yatsopano kapena iyo yomwe inakhala parishi payokha, koma dzina la mwana wanu linatsala m'buku la mishoni yakaleyo. Anthu amataya masabata akuimbira parishi yatsopano, kumeneko nkumayankha kuti dzinali kuno kulibe, ndipo akunena zoona.

Msampha wachiwiri ndi mayina. Ku sukulu mwana amadziwika ndi dzina lina, m'buku la ubatizo muli lina. Mwina pobatizidwa anapatsidwa dzina la woyera lomwe pakhomo simunaliitanepo, mwina analembedwa ndi chiwongo cha amayi ake chifukwa nthawi imeneyo nkhani za ukwati zinali zisanalongosoke, pano akuyendera dzina la bambo ake kapena la bambo omupeza. Pena ndi kalembedwe chabe, wolemba analemba Piri m'malo mwa Phiri. Choncho potumiza uthenga musangopereka dzina la pa lipoti la sukulu. Lembani mayina onse omwe mwana anaitanidwapo, tsiku lobadwa, mayina a bambo ndi mayi monga ankadziwikira nthawi imeneyo, dzina la mboni, dzina la mudzi ndi senta, ndi chaka. Mwezi ngati mwaiwala kumbukirani nyengo, kodi inali Pasaka, Khirisimasi, kapena nthawi yokolola? Mabukuwa ndi olemba pamanja, munthu amachita kutsegula tsamba ndi tsamba chala chikuyenda pamzere, mukamupatsa chaka cholondola mwamuchepetsera ntchito ya tsiku lonse.

Njira yomwe ndaona ikuyenda bwino ndi kutuma munthu wa mapazi. Foni yokha imachedwa, wansembe wa kumudzi amakhala ali m'masenta masiku ambiri. Pezani m'bale, kapena katekisiti wa senta yanu, mutumizireni ya thiransipoti pa mobile money apite yekha ku ofesi tsiku lomwe imatsegulidwa, ndipo ngati nkotheka tengani kakalata kochokera kwa bambo mfumu wanu wa kuno kopempha chikalatacho, ansembe okhaokha amamvana msanga. Akalemba, ajambule atumize pa WhatsApp kuti akatekisiti aone kuti nkhani ikuyenda, koma pepala lenilenilo la chidindo libwere ndithu, kaya ndi m'bale akubwera kaya pa basi mukalilandire ku Intercity. Yambani izi temu yoyamba. Nthawi ya mvula misewu ina ya kumudzi siyendeka, ndiye musadikire Ambuye Episkopi alengeze tsiku.

Pali ena nkhani zawo ndi zapadera. Mwana anabadwa wodwalika nkubatizidwa mwachangu ku chipatala ndi wansembe woyendera odwala, sisitere kapena nesi: ubatizo umenewo ndi weniweni, kafunseni kwa wansembe wa pa chipatalapo kapena ku parishi yomwe chipatalacho chili m'dera lake, ndipo muwauze bambo mfumu wanu msanga. Mwana anabatizidwa ku mpingo wina, tinene ku Reformed Church (RCZ), United Church (UCZ) kapena Anglican, amayi ake asanalowe Chikatolika: musabise, ndipo musamulowetse mwakachetechete mu gulu la obatizidwa kuti abatizidwenso. Mpingo subwereza ubatizo womwe unachitika ndi madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, tengani chikalata cha kumeneko mupite nacho kwa bambo mfumu, iwo ndi amene aone ngati ubatizowo ukuvomerezeka ndi momwe amulandirire mu Mpingo. Ndipo ngati mwafufuza paliponse buku osapezeka, mwina linadyedwa ndi chiswe kapena dzina linaiwalika kulembedwa, lamulo limalola umboni wa munthu mmodzi wodalirika amene analipo tsikulo, ndipo kukayika kukapitirirabe wansembe atha kubatiza mwa njira ija yoti ngati sunabatizidwe. Koma zimenezo amagamula ndi wansembe, osati inu kapena ine, ndipo sangazichite Lachisanu mwambo uli Lamulungu. Safunsa anadya phula, pitani mukafotokoze nkhani yonse momwe ilili nthawi ikadalipo.

Chomwe ndikukupemphani musachite: kubwereka kadi ya msuweni wake kapena kulembapo nokha ndi bolopeni. Zimadzaululika pa nthawi ya ukwati, pamene parishi ya ubatizo yafunsidwa chikalata chatsopano, ndipo wovutika amadzakhala mwanayo ali wamkulu kale.

3. Kulembetsa ku parishi ndi ku mphakati

Lembetsani ku parishi yomwe mumakhala ndi kupemphera. Maparishi ambiri fomu imafuna idutse ku mphakati, kagulu kaja ka mabanja oyandikana kokumana m'makomo kuwerenga Mawu ndi kuthandizana pa maliro ndi matenda, anzathu olankhula Chibemba amati chitente. Si zoyamba dzulo izi, maepiskopi a chigawo chino cha Africa mu AMECEA anagwirizana kale m'zaka za m'ma 1970 kuti Mpingo uzimangidwa pa miphakati. Ndiye ngati simunapondeko chaka chonse, musadabwe atcheya akakuyang'anani kawiri musanalandire siginecha. Pitani mukadziulule bwinobwino, tengani ndi mwanayo, afunseni tsiku lokumana. Kadi ya mtulo nayo ena amaifunsa, ngati muli m'mbuyo kambiranani, sindinaonepo munthu wofotokoza mavuto ake moona akubwezedwa.

Amene ana anu ali ku boding'i, funsani msanga ngati akalandirire kusukuluko kapena kuno kwanu. Zonse zimatheka koma mbali ziwirizo zidziwane, pakhale kalata, osati mwana waphunzira theka uku theka uko kenako onse awiri akuti si wathu.

Funso lina limabwera monong'ona: "ife ukwati wathu sunadalitsidwe, ine sindilandira, mwana amulola?" Sakramenti ndi la mwana. Vuto lanu la ukwati kakambeni ndi bambo mfumu palokha, ndipo mwina nthawi yabwino yolikonza ndi yomweyi, koma lisakuchititseni manyazi mpaka kumubisa mwana kunyumba.

4. Mboni

Mboni ndi munthu woima kumbuyo kwa mwana tsikulo, dzanja lamanja pa phewa lake, ndipo ntchito yake yeniyeni imayamba mwambo ukatha. Lamulo lake ndi lomveka: akhale Mkatolika, wakwanitsa zaka 16, analandira kale Ulimbitso ndi Ukaristia, moyo wake ukugwirizana ndi chikhulupiriro, ndipo asakhale bambo kapena mayi wa mwanayo. Mpingo umakonda kuti akhale yemwe uja anaimira pa ubatizo, ngati alipo ndipo akadali mu Mpingo. Agogo, azakhali, amalume, mkulu wake, onsewa angathe bola akwaniritse zomwe ndatchulazi.

Pomwe timalakwitsa ndi posankha thumba. Tikufuna abwana a ku ntchito, kapena azakhali a ku Kabulonga a galimoto chifukwa adzagula suti ndi keke, chonsecho munthuyo anasiya kale kupemphera kapena analowa mpingo wina, kapena ali pa banja losadalitsidwa ndipo kwawo ku parishi sangamusainire. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kenako sabata yomaliza fomu ya mboni yakanidwa, mukuthamanga kugwira aliyense wa mu kwaya kuti tangoimani kumbuyo kwa mwanayu, munthu wosadziwa ngakhale dzina lake. Nkhani ya mphatso ndi ina, azakhali agule keke yawo palibe woletsa, koma mboni sankhani munthu woti mwana wanu atavutika ku sukulu, atayamba kuyenda ndi gulu loipa kapena atakhala ndi funso lomwe inu sangakufunseni, angathe kupita kukagogoda kwawo. Mufunseni mwanayo amene amamasuka naye. Ndipo munthuyo mumupemphe mwaulemu, kupita kunyumba kwake, osati ka meseji ka usiku. Ngati ndi wa parishi ina adzafunika kalata yochokera kwa bambo mfumu wake, imeneyonso imatenga nthawi.

5. Kugwirizanitsa sukulu ndi katekisimu

Apa nkhondo yake ndi Loweruka. Tyushoni Loweruka, masewera Loweruka, kuchapa yunifomu Loweruka, katekisimu nayenso Loweruka kapena Lamulungu ikatha Misa. Akatekisiti amaitana mayina, ndipo wojomba kwambiri amauzidwa kuti adikire gulu lotsatira. Mwana amene ali mu kalasi ya mayeso, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala pomwe ECZ yayandikira, mutu wake umakhala wodzaza kale. Ine maganizo anga, ngati parishi ikulola, musamuunjikire zonse chaka chimodzi, ayambe chaka chopanda mayeso. Ngati zagundana basi, pitani nokha kwa aphunzitsi a kalasi yake mukawauze kuti Loweruka m'mawa mwanayu ali ku tchalitchi, ambiri amamvetsa ngakhale asali Akatolika, chomwe sakonda ndi kungoona mwana kulibe. Ndipo makolo a pa sukulu imodzi gwirizanani, ana a njira imodzi aziyendera limodzi pa minibasi, kholo limodzi lizisinthana ndi linzake kuwaperekeza, makamaka atsikana kalasi ikatha mochedwa. Holide ya Epulo ndi ya Ogasiti musanamutumize kumudzi funsani kaye ngati kalasi ikupitirira.

Pa sukulu pomwepo mulimbikitseni alowe kena kake, kwaya, YCS, kutumikira pa guwa, kuwerenga Mawu pa Misa ya sukulu, kupita ndi anzake kukaona odwala. Ana amene ali ndi kagulu kotere ndi amene timawaonabe chaka chotsatira. Komanso konzekani mafunso omwe adzabwere nawo kuchokera kwa anzake a m'kalasi, chifukwa pa desiki limodzi pamakhala wa SDA, wa Pentekosite, wa Mboni za Yehova, ndipo pa buleki amafunsana zolimba: bwanji mumapembedza Maria, bwanji mumaulula machimo kwa munthu mnzanu, Sabata lenileni ndi liti. Musamukalipire kuti usamacheze nawo. Muyankheni zomwe mukudziwa, mwachitsanzo kuti Maria timamulemekeza ndi kumupempha atipempherere koma wopembedzedwa ndi Mulungu yekha, za kulapa muonetseni Yohane 20:22-23, zina mumuuze akafunse mu kalasi Loweruka, mafunso oterewa ndi amene amakometsa phunziro kuposa kuloweza.

6. Zoti adziwe, ndi gawo lanu pakhomo

Ola limodzi kapena awiri pa sabata sangakwane. Mwana adziwe kuchita chizindikiro cha mtanda bwinobwino osati kungopikula dzanja ngati wachedwa, Atate Athu, Tikuoneni Maria, Ndimvera Mulungu, pemphero la chisoni la polapa, Malamulo 10 a Mulungu, masakramenti 7, ndi mphatso 7 za Mzimu Woyera zomwe muzu wake uli pa Yesaya 11: nzeru, luntha, uphungu, mphamvu, kudziwa, kupembedza ndi kuopa Mulungu. Asangoloweza, mufunseni kuti mphamvu imeneyi ingaoneke bwanji anzako onse akuonera mayeso iwe wekha ukukana, uphungu ungaoneke bwanji mnzako atakuuza chinsinsi choopsa.

Chenjerani ndi chilankhulo. Ana a mu Lusaka ku sukulu amapemphera Chingerezi, kunyumba Chinyanja, Misa ina nyimbo za Chibemba, ndiye umapeza mwana Atate Athu wayamba m'chilankhulo china wathera china, pakati padumphidwa. Funsani kuti mafunso omaliza adzafunsidwa m'chilankhulo chiti ndipo mwambo udzachitika m'chiti, aphunzire chimenecho mpaka kumapeto. Madzulo magetsi akapita ma foni atazima, ndi nthawi yabwino yopemphera korona limodzi, iye azitsogolera.

7. Dzina

Maparishi ena amalola kusankha dzina la woyera, ena amati gwiritsa ntchito la ubatizo, zonse ndi zabwino. Ngati akusankha, asasankhe chifukwa likumveka bwino kapena ndi la wosewera mpira, adziwe mbiri ya mwini dzinalo chifukwa Ambuye Episkopi pena amafunsa pomwepo. Oyera a pafupi ndi ife alipo: Charles Lwanga ndi anzake a ku Uganda omwe anawotchedwa ku Namugongo mu 1886 nkulengezedwa oyera mu 1964, pakati pawo Kizito amene anali wamng'ono pa onse, msinkhu wa ana athu omwewa. Josephine Bakhita wa ku Sudan amene anagulitsidwa ukapolo ali mwana, analengezedwa mu 2000. Maria Goretti, Dominic Savio, onsewa anamwalira ali ana. Anyamata a makompyuta masiku ano akukonda Carlo Acutis, wa ku Italy, anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15.

8. Masabata omaliza

Kumakhala mafunso kwa akatekisiti kapena bambo mfumu, tsiku la m'bindikiro, kulapa, ndi kuyeserera mwambo. Zonsezi musajombetse, ndipo poyeserera mboni ibwere. Kulapa ndi kofunika chifukwa sakramentili limalandiridwa munthu ali mu chaulere cha Mulungu, ndipo ana ambiri kuchokera pa Ukaristia woyamba sanapitenso, amaopa. Njira yosavuta ndi yoti inunso mufole pa mzere womwewo, akuoneni.

Tsopano telala. Mverani zomwe parishi yanena, ena amafuna zoyera, ena yunifomu ya sukulu, ena chitenje chimodzi onse. Musagule kalikonse asanalengeze. Shati yoyera ya pa salaula yochapidwa ndi kusitidwa bwino ndi yokwanira, palibe chifukwa cholowera ngongole ya kaloba. Chachikulu pamphumi pakhale poyera, tsitsi, wigi kapena chipewa zisaphimbe, ndipo atsikana asapake zambiri pamenepo chifukwa ndi podzozera mafuta. Ndalama zomwe parishi kapena komiti yapempha perekani kwa munthu woikidwa ndipo mulandire lisiti.

9. Tsikulo

Fikani msanga, adye kaye kunyumba nthawi ikadalipo poti Misa yake imatalika ndipo ana ena amakomoka ndi njala, bola ola limodzi la kusala asanalandire Ukaristia lisungidwe. Kakadi kolembedwa dzina la mwanayo kakhale m'manja mwa mboni.

Ukatha Mthenga Wabwino ana amaperekedwa kwa Ambuye Episkopi, kenako ulaliki, kenako kubwereza malonjezo a ubatizo, apa ayankhe mokweza. Episkopi amatambasula manja pa onse kupempha Mzimu Woyera ndi mphatso zake, ndiye mmodzimmodzi amapita kutsogolo, mboni dzanja pa phewa, dzina litchulidwa, episkopi aviika chala chachikulu mu Krisima nalemba mtanda pamphumi akunena mawu oti alandire chidindo cha mphatso ya Mzimu Woyera, mwana ayankha Amen, kenako apatsana mtendere. Krisima ndi mafuta a olivi osakaniza ndi zonunkhira, omwe episkopi amadalitsa pa Misa yapadera ya Sabata Loyera ansembe onse a dayosizi atasonkhana, kuno kwathu likulu lake ndi Cathedral of the Child Jesus ku Pope Square, paja Papa John Paul II anachitira Misa mu 1989. Mwana asapukute ndi dzanja kapena ndi shati pobwerera pa mpando.

Agogo ena amaopseza ana kuti bishopu akakumenya mbama. Kale kunalidi kakugunda pang'ono pa tsaya, koma mwambo unakonzedwanso mu 1971 nthawi ya Papa Paul VI ndipo zimenezo zinachoka, muuzeni mwana asapite akunjenjemera. Komanso arkidayosizi ya Lusaka ndi yaikulu, arkepiskopi wake Ambuye Alick Banda sangafike paliponse, ndiye pena amatuma wansembe amene amupatsa mphamvu yolimbitsa. Sakramenti ndi lomwelo, musayambe zonong'ona kuti ana athu alandira lachiwiri.

Za zithunzi, musadzadze kutsogolo ndi ma foni mpaka kutchinga mzere. Jambulani panja mwambo utatha.

10. Bwererani ku ofesi

Phwando likatha anthu amaiwala izi. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri pitani ku ofesi ya parishi mukatenge kadi ya ubatizo ija, muone kuti tsiku la Ulimbitso, malo, dzina la wolimbitsa, siginecha ndi chidindo zalembedwa, ndipo dzina la mwana lalembedwa molondola chilembo ndi chilembo. Lamulo limati parishi yomwe mwambo wachitikira idziwitse parishi ya ubatizo kuti nakonso akalembe m'mphepete mwa dzina lake m'kaundula muja, ndiye funsani mwaulemu ngati uthengawo wapita, ndipo ngati ubatizo unali wa kutali dziperekeni kutumiza nokha kudzera mwa m'bale yemwe uja anakuthandizani pa nambala 2. Mwana wanu akadzafuna ukwati wa mu tchalitchi, kulowa ku seminale kapena ku usisitere, ngakhale kudzaimira mwana wa mnzake ngati mboni, adzafunsidwa pepala lomweli. Lijambuleninso pa foni, mutumizire amboni kope lawo, lenilenilo libwerere mu sutikesi mu pulasitiki yosalowa madzi, ndipo Loweruka lotsatira mumufunse mwanayo kuti pa magulu a achinyamata a pa parishi walembetsa gulu liti.